Katoni Kuseri kwa Draivi

Wilbroad ankaopa njoka. Tiyambire pomwepa, chifukwa nkhani yonse inachokera pamenepa, ngakhale mwini wakeyo akanakonda kuti tiyambire pa masatifiketi ake. Anali mBemba wa ku Luanshya, katswiri wa zamagetsi amene anagwira ntchito mumgodi mpaka nthawi imene anthu anayamba kuchotsedwa m'magulumagulu. M'chaka cha 1996 anapeza ntchito pa loji ina ya alendo m'mphepete mwa Luangwa, chakufupi ndi Chinzombo, ndipo anatsikira kuchigwako ndi mkazi wake Rosina, ana atatu ndi bokosi la zida. Pa mawaya amoto manja ake sankanjenjemera n'komwe. Koma chingwe chikangogona pakati pa njira, bambo wamkulu ameneyu ankadumpha n'kutaya ulemu wonse.

Chimene anamulembera ntchito makamaka chinali draivi. Lojiyo inkatunga madzi ake pachitsime chakuya, ndipo mota ya pampu inkalamulidwa ndi chipangizo chimenechi, chokhala m'kabati yachitsulo yoimikidwa pafupi ndi khoma m'kanyumba ka pampu. Ntchito yake inali kuuza mota liwiro loti iyendere. M'mawa alendo onse akamasamba inkaithamangitsa, masana madzi akamafunika ochepa inkaiyendetsa pang'onopang'ono. Ikamva kuti china chake sichili bwino inkadzizimitsa yokha, n'kuliza alamu, n'kulemba zilembo zofiira pakagalasi kakutsogolo. Ikazima, madzi ankatha kukhitchini, kuzipinda za alendo, ndi pampopi umodzi wa kukomboni kumene kunkakhala mabanja a antchito. Pa loji ponsepo wodziwa kuwerenga zilembo zofiirazo anali Wilbroad yekha, ndipo iye ankaonetsetsa kuti aliyense akudziwa zimenezo.

Woyang'anira kanyumbako anali Adamson, mKunda wa ku Nsefu, wamfupi, wa mpata pamano. Ankasesa, kutsegula ndi kutseka mavalavu, kukwera kukaona madzi m'thanki, ndi kuthamanga kukaitana Wilbroad alamu ikalira. Ntchito yaing'ono ndithu, koma inkabwera ndi nyumba ya malata kukomboni, ndipo kuchokera pamenepo ana ake ankafika kusukulu asanatope. Kwawo ku Nsefu sukulu inali kutali ndi mudzi wake, njira yake yodutsa m'malo a njovu.

Awiriwa anali pachimbuya. MBemba ndi munthu wa kummawa akakumana sapatsana moni wa ulemu. Amanyozana, ndipo amene wakwiya ndiye wagonja. Chotero m'mawa uliwonse unkayamba chonchi:

"Iwe wodya mbewa, wasesa muno kapena wangopalasa ngati nkhuku?"

"Wafika kapolo wanga wodya anyani! Dzulo anyani a pamtengo uja anasowa awiri. Tsegula pakamwa tione."

Osawadziwa ankaganiza kuti tsiku lina adzagwirana pakhosi. Koma pamene mwana wa Wilbroad anakomoka ndi malungo, amene anam'nyamula panjinga kupita naye kuchipatala anali Adamson yemweyo, akudandaula njira yonse kuti ana a aBemba amalemera ndi zakuba.

Mu Juni wa chaka chotsatira, m'mawa wina wozizira, Wilbroad anatsegula kabati ija kuti apukute fumbi, n'kupeza njoka ya mamba itadzipinda pansi pa draivi, ikuotha kutentha kwa makinawo. Adamson anali pamwamba pathanki. Njokayo inadzutsa mutu, inamuyang'ana, kenako inatuluka mwaulesi kudzera pa mabowo a mpweya a kuseri kwa kabati n'kulowera pamng'alu wa khoma. Wilbroad anangokhala pansi. Atapezako mphamvu anang'amba katoni ya sopo, anaipinda, n'kuikankhira pakati pa kabati ndi khoma mpaka mabowo onse, a pansi ndi a pamwamba, atatsekeka. Ntchito ya mabowo amenewo ankaidziwa bwinobwino. Anadziuza kuti n'kwa kanthawi chabe, mpaka atapeza waya wotchingira udzudzu. Sanauze munthu. Akanauza ndani? Adamson akanamva, nkhaniyo ikanafika ku Nsefu dzuwa lisanalowe, ili ndi nyimbo yake kale. Kunja kunkazizira, draivi sinadandaule, waya uja sanapezeke, ndipo katoniyo inaiwalika monga zimaiwalikira zinthu zimene munthu safuna kuzikumbukira.

Kenako Okutobala anafika, ndipo amene anakhalapo kuchigwa amadziwa kuti mwezi umenewo suseka ndi munthu. Mphepo imachita kuwotcha kumaso, nyenje zimalira mpaka m'makutu kuwawa, malata a kanyumba ka pampu osagwirika ndi dzanja.

Alamu inalira dzuwa lili paliwombo. Adamson anabwera akuthamanga, akufuula kuti mkazi wachiwiri wa mBemba, draivi ija, wayamba kulira. Pakagalasi panali zilembo ziwiri, O ndi H, kusonyeza kuti draivi yatentha mopitirira muyezo. Wilbroad anatsegula kabati mosatekeseka. Fani inkazungulira. Anatenga pampu ya njinga n'kuuzira fumbi pa zipsepse zachitsulo zotaya kutentha, anadikira kuti zizizire, n'kudina batani lofafanizira alamu. Pampu inadzuka. Anaimirira pamenepo chitseko cha kabati chili chotsegula, akuyang'anira, ndipo zonse zinkayenda bwino. Anatseka, anapukuta m'manja, n'kumapita. Asanafike n'kukhitchini komwe, alamu inayambanso.

Mawa lake anabwera ndi mita. Anayeza magetsi pa mawaya onse atatu opita kumota, n'kupeza kuti akufanana, ndipo mota sikukoka zopitirira. Anamanga masikuluwu onse. Anakaona ngati valavu ina yatsekeka theka n'kumalemetsa pampu, koma ayi. Anatsegula buku la draivi, anawerenga tsamba la alamu imeneyo mobwereza, ndipo maso ake anadumpha mzere wonena za mpweya ngati palibepo. Anayamba kukayikira kachipangizo koyezera kutentha, kuti mwina kakunama. Anatsitsa liwiro la mota kuti draivi isamavutike, koma potero thanki inasiya kudzaza, ndipo masana alamu inalira ndithu. Kukomboni amayi anayamba kundandika zidebe pampopi wouma, ena n'kumanena zokatunga kumtsinje, kumene madzi anali ataphwera ndipo ng'ona zinali zitaunjikana m'maiwe otsalawo.

Pamenepo m'pamene Nick anatulukira. Ameneyu anali manijala wa lojiyo, mzungu wachinyamata amene anali asanathe chaka m'chigwamo, munthu wosaipa mtima, koma amene m'mawa wonse anali akupepesa alendo osasamba. Analowa m'kanyumbamo nkhope ili psuu.

"Wilbroad," anatero m'Chingerezi, "vuto n'chiyani? Ndiuze chinthu chimodzi chokha choti ndikawauze anthu aja."

Munthu wonyada akasowa yankho amathawira kunthabwala, ndipo Wilbroad anatero. Analoza Adamson ndi chibwano, n'kuyankha m'Chingerezi momwemo kuti bwana asekeko nawo:

"Mufunseni mKunda uyu, bwana. Tsiku lonse amawotcha mbewa zake muno. Makina angalephere bwanji kutentha?"

Adamson Chingerezi ankachimva mwa apo ndi apo, koma mawu a mbewa anawagwira, ndipo anadziwa kuti mbuya wake wayamba. Anaseka mpata wa pamano uli poyera. "Yesi, bwana," anatero.

Nick sanaseke. Maso ake anayenda m'chipindamo n'kukaima kuseri kwa chitseko, pamene panali kambaula kakang'ono, makala ake akadali ofiira, kachitini ka tiyi katakhala pamwamba. Pambali pake panali makapu awiri, ndipo imodzi inali ya Wilbroad.

"Moto?" anatero Nick. "M'chipinda chimene makina akuzima chifukwa cha kutentha, iwe ukusonkha moto?"

Chimbuya n'cha anthu odziwana. Sichiperekedwa kwa mlendo amene sadziwa kuti mawuwo alibe mano, ndipo Wilbroad, mBemba wobadwira m'chimbuyacho, ankadziwa zimenezi kuposa aliyense. Ankadziwanso kuti timakala timeneto, tili pakhomo kutali ndi kabati, sitikanatenthetsa draivi ngakhale pang'ono. Nick anauza Adamson kuti atenge zake apite kunyumba mpaka adzaitanidwe. Adamson anatembenukira kwa Wilbroad, kumwetulira kusanathe kumaso, akudikira kuti mnzakeyo amasulire bwana kuti zinali zocheza. Koma Wilbroad anamva mkwiyo wa Nick ukuchoka pa iye n'kukatera pa wina, ndipo kupepukidwa kwake kunali kokoma moti anaweramira pamita ngati akuwerenga china chake chofunika. Adamson anavala chisoti chake n'kutuluka.

Atatsala yekha, Wilbroad anadzutsanso pampu n'kukhala pa ndowa yozondotsa, chitseko cha kabati chili chotsegula monga nthawi zonse akamayang'anira. Draivi inkayenda mosadandaula. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako funso limene mwana wa chaka choyamba kusukulu ya zamagetsi akanafunsa poyambirira linam'fikira: bwanji imangozima chitseko chikatsekedwa? Anatseka chitsekocho n'kulowetsa dzanja pakati pa kabati ndi khoma, pamene pamayenera kutuluka mpweya wotentha. Panalibe mpweya. Zala zake zinakhudza katoni.

Katoniyo sinatuluke msanga. Inali itamatidwa m'mbali monse ndi dothi louma, mosalala bwino, ndipo anachita kuigumula ndi sikuludiraiva. Anaganiza kuti ndi ntchito ya chiswe, sanaimepo. Chimene anaimapo chinali china. Akanachotsa katoniyo tsiku lomwelo, alamu ikanasiya kulira tsiku lomwe Adamson wachoka ndi mbaula yake, ndipo Nick akanafunanso umboni wanji? Akanaisiya mpaka mawa, alamu ikanalira popanda moto m'chipindamo, ndipo Adamson akanayera. Panalinso njira ina, yolunjika, yongopita kuofesi katoni ili m'manja. Njira imeneyo anaiona, koma anaonanso mzere wa amuna amene anawasiya ku Luanshya, akatswiri ngati iye, atakhala pa mabenchi m'mawa wonse opanda kolowera. Wamagetsi amene watseka yekha mpweya wa makina odula chonchi chifukwa choopa njoka, ndani angamusunge?

Kunja kunkamveka zidebe za amayi aja zikugundana pampopi. Wilbroad anadziuza kuti sangalole anthu kukatunga pakati pa ng'ona chifukwa cha iye, ndipo zimenezo zinali zoona, koma sichinali chifukwa chake chenicheni. Anasolola katoniyo, anaing'amba tizidutswa, n'kuiponya pa makala a mbaula ya Adamson. Inayaka msanga.

Madzi anabwera madzulo amenewo, amayi akululutira. Mawa lake dzuwa linawomba mofanana, koma alamu inakhala chete, ndiponso tsiku linzakelo. Nick anabwera m'kanyumbamo akumwetulira, anam'gwira Wilbroad paphewa n'kunena kuti, "Waona? Unanena zoona." Tsiku lomwelo Adamson anauzidwa kuti ntchito yatha, ndipo nyumba ya kukomboni iperekedwa kwa amene adzalowe m'malo mwake.

Anasamuka Loweruka, katundu ali pangolo ya ng'ombe yobwereka. Felister, mkazi wa Adamson, anasiyira Rosina mbande za tomato zimene anali asanawoke, n'kumulangiza kuti azizithirira madzulo okha. Wilbroad anathandiza kumanga matiresi pamwamba pa katunduyo, ndipo anamanga mfundo zambiri kuposa zofunika, kuti manja akhale ndi chochita.

"Onani mBemba akumanga katundu wanga," anatero Adamson kwa anthu amene anasonkhana. "Felister, tikafika ukaone bwino mapoto ako."

Anthu anaseka. Wilbroad anayesa kubweza, koma anangoti, "Muyende bwino."

Masabata otsatirawo draivi inkayenda ngati yatsopano. Wilbroad anapeza waya wotchingira udzudzu tsiku limodzi lokha, m'sitolo ya lojiyo momwemo, pamene unali chikhalire kuyambira kale. Anaukhomera pa mabowo aja, ntchito yosatha n'kapu ya tiyi yomwe. M'malo mwa Adamson munalowa Benwell, munthu waulemu amene ankati "bwana injiniya" ndipo sankamwa tiyi. Wilbroad ankadana ndi ulemu umenewo. Nthawi zina ali pakati pa kudya ankaimika dzanja, akumva ngati alamu ikulira, koma zinali nyenje chabe. Ankazemba njira yodutsa kusukulu, chifukwa ana ake ankamufunsa kuti anzawo aja abwerera liti. Tomato wa Felister anagwira, n'kumakula pakhomo pake penipeni, pamene ankamuona potuluka ndi polowa.

"Mbuya wanu simukamuona?" anafunsa Rosina tsiku lina akuthirira tomatoyo. "Munthu anakunyamulirani mwana. Kapena munayambana?"

"Sitinayambane."

"Ndiye n'chiyani chikukudyani? Mwaonda ngati ndinu amene munachotsedwa."

Lamlungu lotsatira, atatuluka m'tchalitchi, anakwera njinga kulowera ku Nsefu. Njira inkadutsa m'nkhalango ya tsanya yopanda mthunzi, mitambo ya mvula yoyamba itaunjikana kutali kumapiri koma osasendera. Ananyamula shuga ndi masamba a tiyi, ndipo njira yonse ankadziwa kuti akupita kukagula tulo ndi paketi ya shuga.

Anam'peza Adamson pansi pa mtengo wa mango, akusoka ukonde wakale. Anali atada ndi dzuwa, ndipo ana ake awiri aja, amene akanayenera kukhala akukonzekera mayeso, anali akutola nkhuni. Adamson atamuona anaponya ukonde pansi.

"Felister! Bisa nkhuku, kwabwera mBemba!"

Anam'patsa mpando wabwino, Felister anabweretsa madzi, ndipo kwa kanthawi zonse zinali ngati kale. Adamson anafunsa za Rosina, za ana, za anyani amene atsala. Kenako anatsitsa mawu, n'kusiya nthabwala, zimene Wilbroad anali asanazionepo.

"Mbuya, nanga makina aja? Sanaonongeke mkati?"

"Ali bwino."

"Mulungu ngwabwino. Ine sindigona nazo, mbuya. Makina ako amene umawasamala ngati mwana, ine n'kumawawotcha ndi tiyi. Sindinadziwe kuti kamoto kangaka kangachite zimenezo. Akanapsa, bwenzi nawenso atakuthamangitsa chifukwa cha ine. Undikhululukire."

Wilbroad anayang'ana m'kapu ya madzi. Akanakonda kuti munthuyo amutukwane.

"Manje uuze uyo Benwell," anapitiriza Adamson, "kuti aziyang'anira katoni yako ija kuseri. Mvula ikayamba dothi limagumuka, afunika azimatanso."

"Katoni iti?"

Adamson anaseka pang'ono. "Ukuyesa sindinaone? Tsiku lija ndinali pathanki, ndinaiona njoka ikutuluka pakhoma. Nditatsika ndinakupeza nkhope ili mbuu, ukunamizira mutu. Mawa lake posesa ndinaona katoni. Koma iwe ntchito ya manja sudziwa, unasiya mipata m'mbali yoti mwana wa njoka n'kulowa. Ndiye ndinakatapa dothi la pachulu n'kumata bwinobwino. Mwezi uliwonse ndinkamatanso."

"Sunanene bwanji?"

"Kunena chiyani? Za anyani ndinganene pamaso pa anthu onse, chifukwa n'zabodza. Koma izi zinali zoona, ndipo ndinaona mmene manja ako ankanjenjemerera. Ndinati ndimusiye kapolo wanga azigwira ntchito mtima uli m'malo."

Ndi zamanyazi kunena, koma ganizo loyamba limene linam'fikira Wilbroad linali lakuti dothi lija ndi limene linatseka mpweya wotsala, choncho mlandu unali wa onse awiri. Analigwira ganizolo kamphindi, ngati munthu amene watola chinthu cha mwini n'kuyang'ana uku ndi uku. Kenako anayang'ana zala za Adamson, zong'aluka ndi ulusi wa ukonde, zala zimene zinkamata dothi mwezi ndi mwezi kuti iye asaope, ndipo anadziona mmene analili. 

"Adamson," anatero, ndipo aka kanali koyamba kumutchula dzina lake lenileni. "Sinali mbaula. Mabowo aja ndi opumira draivi. Katoni ija ndi imene inkaitenthetsa. Ndinaipeza tsiku lomwe unachoka, ndinaichotsa, n'chifukwa chake alamu inasiya."

 Adamson anatola ukonde uja, anauyala pamaondo, n'kumafufuza pamene analekezera.

"Tsiku lomwelo?"

"Tsiku lomwelo."

"Ndisanasamuke?"

"Usanasamuke."

Felister, amene anali chiimire pakhomo la khitchini, analowa mkati mwakachetechete. Adamson analowetsa ulusi pabowo limodzi, anamanga, n'kulowetsa pa lina.

"Bwana Nick mwawauza?"

Wilbroad anamva mawu akuti "mwawauza" ngati mbama. Chiyambire kudziwana, munthu ameneyu anali asanam'patseko ulemu wotero.

"Ayi."

"Ndiye mwapalasa njinga dzuwa lonseli kudzauza ine, amene sindingakuchotseni ntchito." Sanakweze mawu. Anaimirira, anatenga paketi ya shuga ija n'kuimangiriranso pakaliyala ya njinga ya Wilbroad, mosamala. "Zikomo kwambiri pobwera, bambo Wilbroad. Mukapereke moni kwa amayi kunyumba."

Lolemba m'mawa Wilbroad analowa muofesi ya Nick n'kufotokoza zonse, kuyambira pa njoka. Nick poyamba anaganiza kuti akungofuna kupulumutsa mnzake. Choncho masana dzuwa litakwera anapita onse kukanyumba kaja, Wilbroad anatsekanso mabowowo ndi katoni ina, anatseka chitseko cha kabati, n'kuimirira pambali manja ali kumbuyo. Sanadikire nthawi yaitali. Alamu inalira, zilembo ziwiri zija zinayaka, ndipo m'chipindamo munalibe moto uliwonse. Nick anatukwana m'chinenero chake, choyamba Wilbroad, kenako iye mwini. Sanam'chotse ntchito, chifukwa m'chigwa chonsecho munalibe wina wodziwa draivi, ndipo Wilbroad anamva kuwawa kudziwa kuti chimene ankaopa chija sichikanachitika n'komwe. Benwell anam'samutsira kumunda wa maluwa, ndipo galimoto ya loji inapita ku Nsefu kukatenga Adamson ndi banja lake mvula isanatseke njira.

Ana aja anabwerera kusukulu, ngakhale mayeso a chaka chimenecho anawaphonya ndipo anayenera kubwereza kalasi. Felister anayambanso kutunga pampopi limodzi ndi Rosina. Nick analola kuti mbaula izikhala panja, pansi pa mtengo.

Tsiku loyamba la Adamson pantchito, Wilbroad anachedwa dala mpaka masana, akukonzekera mawu njira yonse. Anam'peza akusesa. Pansi panali poyera kuposa kale, mavalavu atapukutidwa, kachitini ka tiyi kakuwira panja, ndipo pambali pake panali kapu imodzi. Wilbroad anaima pakhomo n'kuyesa ndi mawu amene anatuluka ang'onoang'ono:

"Iwe wodya mbewa, wasesa muno kapena wangopalasa?"

Adamson anaimika tsache. Anavula chisoti, n'kuchigwira pachifuwa ndi manja awiri.

"Mwaswera bwanji, bambo Wilbroad? Thanki yadzaza, makina akuyenda bwino. Ngati pali pena pamene sindinasese bwino, mundionetse."

Wilbroad anayang'ana pansi ponse kufunafuna fumbi loti alozepo, koma panalibe. Adamson anadikira mwaulemu, ndipo ataona kuti palibe mawu ena, anavala chisoti chake n'kupitiriza kusesa.